Chipilala chokumbukira ana a ku Salima amene anatsala ku nkhondo: tilembepo mayina a yani?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road

Akuluakulu nonse a pagulu lino, landirani moni wanga, ndipo mundilole nditule nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira Lamulungu lapitali. Ndinali pakhonde ndi wailesi yanga kumvetsera mwambo wokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, umene umachitika Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala pa zipilala za ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Itakwana 11 koloko lipenga linalira, anthu kumeneko anakhala chete mphindi ziwiri, ndipo ine ndinaimirira ndekhandekha pakhonde pangapo, pamene mumsewu akabaza ankangodutsana ndi mabelu awo ndiponso amayi ogulitsa mango ankaitanira malonda monga mwa masiku onse. Sindikuwadzudzula ayi, pakuti palibe amene anawauza kuti ola limenelo ndi lotani.

Chimene chinandipweteka n'chakuti boma lathu lino ndi limene limasula asilikali a dziko lonse pa sukulu ya MAFCO, ndipo ku Senga Bay kuli asilikali odumpha m'ndege, komabe mwana wa kwa Maganga, kwa Pemba kapena kwa Kalonga amene akufuna kukaima pamalo okumbukira agogo ake amayenera kukwera minibasi mpaka ku chipilala cha ku Area 18 ku Lilongwe. Ganizo langa ndi lakuti ife eni ake timange chipilala chaching'ono pa boma pano, poti aliyense angafike osapempha chilolezo pa geti, ndipo tilembepo mayina a ana a m'boma lino amene anapita ku nkhondo osabwererako. Ndikupempha nzeru zanu, chifukwa mutu umodzi susenza denga.

Msilikali wopuma, Senga Bay

Aphunzitsi, mwalankhula zimene ambiri a ife tinavula yunifolomu timangonong'onezana tikakumana pamaliro. Ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse, koma ndipemphe chinthu chimodzi poyambirira pomwe pano, kuti tisaganize za nkhondo ziwiri zikuluzikulu zokha. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa ku Mozambique kukateteza njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya m'dzikomo, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo. Mnzanga amene tinkagawana naye madzi a m'botolo limodzi anaponda bomba lokwirira m'mawa wina tikuyendera njanji, ndipo ndinamunyamula ndine pamsana mpaka pamene panali galimoto, koma tisanafike n'komwe anali atatisiya. Kwawo kunali kuno, m'mbali mwa nyanja, ndipo amayi ake anamwalira akundifunsabe ngati mwana wawo anasiya mawu.

Ndiponso nkhondo sinathere pamenepo. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo ali pa ntchito yosungitsa mtendere, ndipo mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala, analemekezedwa ndi bungwe la United Nations mu Meyi 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu kum'mawa kwa dziko lomwelo. Chipilala chathu chikhale ndi malo otsala opanda cholembedwa, ngakhale kuti pemphero langa ndi lakuti malowo asadzadzazidwe.

Wamalonda wachinyamata, msika wa Salima

Madala nonse awiri, ndikukulemekezani kwambiri, ndipo musanditenge ngati mwana wopanda mwambo ndikanena kuti ine sindinakhutire. Choyamba ndi ndalama. Ife tili ndi midzi imene amayi amadzuka usiku kukadikira pa mjigo umodzi, tili ndi makalasi amene ana amaphunzirira pansi pa mtengo, ndiye simenti ndi miyala zimene tingasonkhe sizingapindule kwambiri kumeneko kodi? Chachiwiri ndi chimene chimandivuta koposa. Nkhondo ya 1914 ndi ya 1939 sizinali zathu, zinali za Angelezi ndi Ajeremani, ndipo kusukulu tinaphunzira kuti John Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama yathu, anakana kuti Amalawi azikafera mikangano ya eni ake. Tikamanga chipilalachi, kodi sitikhala tikuombera m'manja atsamunda amene anatenga makolo athu mokakamiza?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road

Mwana wanga, funso lako ndi la munthu woganiza, ndipo sindilithawa. N'zoona kuti chakumapeto kwa 1914, patapita miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya ku Karonga ya pa 9 Seputembala, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti osauka a dziko lino akukhetsa mwazi pa nkhondo imene sadzapindula nayo kanthu, ndipo kuti amene adzatsale ndi akazi amasiye ndi ana amasiye, ndiye pa 23 Januwale 1915 anaukira boma. Koma taona bwino amene Chilembwe ankawalirira m'kalatamo. Ankalirira anthu omwewa amene ine ndikufuna tilembe mayina awo. Chipilala chimene ndikunena si chothokoza mfumu ya ku England kapena kutamanda nkhondo, koma ndi chiliza cha anthu amene sanaikidwe kumanda a kwawo, ndipo iwe ukudziwa kuti kwathu kuno munthu amene abale ake sanamumangire chiliza nkhani yake imakhala ngati sinathe.

Kumbukiranso kukula kwa chinthuchi. Pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera mfuti yolira mosadukiza, dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000, ndipo amuna onyamula katundu, atengatenga, anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndipo kuno nkhondoyo sinathe pa 11 Novembala 1918 monga ku Ulaya, pakuti mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Za mjigo ndi makalasi ndikuvomereza kuti n'zofunika, ndipo n'chifukwa chake ndikunena chipilala chaching'ono, osati nsanja.

Mayi wa kwa Khombedza

Aphunzitsi, zikomo potchula atengatenga, chifukwa ndinatsala pang'ono kutuluka m'nkhaniyi poganiza kuti ndi ya anthu a mamendulo okhaokha. Ine ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, ndipo bambo awo anali mtengatenga. Agogo ankasimba zimene anamva kwa amayi awo, kuti amesinjala anafika m'mudzi m'bandakucha, nthawi yosokola, ali ndi amfumu amene analamulidwa kupereka amuna, ndipo amene anathawira kuthengo akazi awo ankagwidwa kufikira mwamuna atadzipereka yekha. Bambo a agogowo anadzipereka chifukwa mkazi wawo anali woyembekezera, ndipo mimba imeneyo ndiyo inali agogo anga. Anawatengera ku Domira Bay, anakwera sitima yopita kumpoto, ndipo m'mudzi sanawaonenso. Mnzawo amene anabwerera patapita chaka, ali mafupa okhaokha, ndi amene ananena kuti anawasiya m'mbali mwa njira atadwala kamwazi, katundu wawo atamusenzetsa wina, ndipo panalibe ngakhale nthawi yowafotsera. A kubanja anakumba manda naikamo mphasa yawo ndi khasu lawo, ndipo mpaka lero pamalopo pali mtengo wa m'bawa umene agogo ankandiletsa kuthyolapo nkhuni.

Munthu ameneyu sanagwirepo mfuti, analibe yunifolomu ngakhale nsapato, koma ankasenza katundu wolemera makilogalamu oposa 20 tsiku ndi tsiku kuti msilikali adye ndiponso akhale ndi zipolopolo. Ndikamva pa wailesi kuti akuluakulu akuika nkhata za maluwa, maganizo anga amapita pa nkhata ina, ya udzu kapena ya masamba a nthochi, imene mtengatenga ankaika pamutu kuti katundu asamuboole liwombo. Pempho langa ndi lakuti ngati pachipilalacho padzajambulidwe mfuti, pambali pake padzakhalenso nkhata yosenzera ija, yofanana kukula kwake ndi mfutiyo, ndipo mayina a atengatenga asadzalembedwe kumbuyo kapena m'munsi mwa a asilikali.

Wamalonda wachinyamata, msika wa Salima

Mayi, nkhani yanuyi ndaiwerenga kawiri. Ngati chipilalacho chidzanene poyera kuti ambiri mwa anthuwa anatengedwa mokakamiza, ine ndidzasonkha nawo. Koma mawu amenewo alembedwedi pamwalapo m'Chichewa, asangothera m'zokamba za pa tsiku lotsegulira.

Mlongo wathu wokhala ku Johannesburg

Moni kwa makolo ndi abale nonse kumudzi. Ndikufuna kuonjezera pa zimene anena mayi a kwa Khombedza, kuti mudziwe kuti kusowa kwa mayina a makolo athu sikunachitike mwangozi. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamala manda a ofera ku nkhondo ziwiri zija, linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo a kuno ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo pambuyo pa nkhondo yoyamba, pamene msilikali wachizungu ankapatsidwa mwala wakewake kapena dzina lake linkalembedwa pachipilala, ndipo boma la Britain linapepesa m'nyumba ya malamulo. Ku Dar es Salaam kuli chipilala cha Askari chokumbukira asilikali ndi onyamula katundu, koma palibepo dzina la mmodzi yemwe wa iwo, ndipo dera la Kariakoo mumzindawo, monganso Kariokor ku Nairobi, linatenga dzina lake ku gulu la onyamula katunduwo. Choncho ntchito yaikulu imene ili patsogolo pathu si ya simenti, koma yofufuza mayina, ndipo tiyenera kufulumira agogo amene akuwakumbukira asanatisiye. Ife a kunja kuno tikhoza kuthandiza ndi ndalama yoyendera mpaka ku National Archives ku Zomba.

Shehe wa kwa Maganga

Mtendere ukhale nanu nonse. Nkhaniyi ndi yabwino, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja muno ikutikhudza kwambiri, popeza Ayao ambiri analowa usilikali wa King's African Rifles kuyambira pamene gululo linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo gule wa beni amene ana athu amavina lero, ndi maperete ake ndi maudindo ake, anachokera ku moyo wa usilikali womwewo. Ndili ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti malo ake asakhale pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti, ndipo pasakhale mtanda, mwezi kapena chifaniziro cha munthu, kuti Msilamu, Mkhristu ndi wa chipembedzo cha makolo onse adzaimepo ndi mtima womasuka, pakuti kumene anaferako anagona m'dzenje limodzi. Yachiwiri ndi ya mayina. Amalume a bambo anga analembetsa usilikali ndi dzina lina, osati limene ankadziwika nalo pamudzi, ndipo kalaliki analilemba mmene analimvera, kotero kuti mukapita nalo ku mabuku dzina la kumudzi simukalipeza. Ndikupempha kuti aliyense adzalembedwe ndi dzina limene amayi ake ankamuitanira, kenaka la m'buku ngati lapezeka, ndiponso mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu.

Mmisiri womanga, Chipoka

Akuluakulu, ine ndilankhule za ntchito ya manja anga. Dzuwa la kuno ku Salima silichitira chifundo penti, ndipo mayina olembedwa ndi bulashi pa pulasitala sadzatha mvula zitatu asanafufutike, pamene chitsulo cha mkuwa chimakopa akuba a zitsulo usiku umodzi wokha. Njira yabwino ndi kugoba mayina pa mwala wakuda wonga umene timaika pa ziliza, n'kuumatirira mkati mwa khoma kuti wina asathe kuukanganula. Dothi la madera ambiri kuno ndi lamakande, limene limang'aluka m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, choncho maziko ayenera kukumbidwa mozama ndi kuikamo zitsulo, apo ayi khomalo lidzapendekeka zaka zisanu zisanathe. Pamalopo pakhalenso mtengo wa mthunzi ndi pokhala, chifukwa mwambowu umachitika mu Novembala nthawi ya 11 koloko, ndipo nkhalamba sizingaime padzuwa limenelo. Ntchito ya manja ndidzagwira ulere pamodzi ndi anyamata anga awiri.

Mayi wamasiye, Lifuwu

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndalimba mtima kuti nanenso ndilankhule. Amuna anga anali msilikali, ndipo anabwera m'bokosi lokutidwa ndi mbendera, ine ndili ndi ana atatu, wotsiriza ali kumsana. Tsiku la maliro kunali ulemu wonse, mfuti zinalira kumanda, ndipo anandipatsa mbendera ija itapindidwa bwinobwino pamodzi ndi chipewa chawo, zimene ndimasunga m'sutikesi pansi pa bedi mpaka lero. Koma anthu atabalalika ndinayenda maulendo osawerengeka ku ofesi ina kukalondola ndalama za malemuwo, ndipo ulendo uliwonse ankandiuza kuti fayilo ikusowa chikalata china, mpaka ndinagulitsa matumba a mpunga amene ndinasungira fizi kuti ndipeze thiransipoti. Sindikukana chipilalachi, ndipo ndidzalira ndi chimwemwe ndikadzaona dzina la bambo a ana anga pamwala. Koma ndikupempha kuti komiti imene ipangidwe isadzathe ntchito pa tsiku lodula riboni. Idzadziwe kumene kuli akazi amasiye ndi ana a anthu olembedwawo, ndipo pakhale munthu wodziwa njira za m'maofesi woti aziwaperekeza.

Msilikali wopuma, Senga Bay

Alamu, mawu anu andichititsa manyazi, chifukwa ife anzawo a malemu tinkayenera kukhala oyamba kugogoda pakhomo panu. Ntchito yoperekeza amasiye ndikuitenga ineyo, ndipo ndikakamba ndi anzanga a m'bungwe la asilikali opuma la VELOM kuti tigawane madera.

Kwa amene mukufufuza mayina, ndikupatseni nzeru iyi. Funsani m'mabanja ngati muli mamendulo akale, ndipo mukawapeza musawakweche ndi mchenga kapena phulusa. Mamendulo ozungulira a nkhondo yoyamba amakhala ndi nambala ya msilikali, udindo wake ndi dzina lake zolembedwa m'mphepete mwake, ndipo nambala imeneyo ndiyo kiyi wotsegulira mabuku. A nkhondo yachiwiri, monga nyenyezi ija ya Burma Star, ambiri ankaperekedwa opanda dzina, choncho pamenepo mudzadalire kabuku ka malipiro kapena chikalata chotulukira usilikali. Mudzamva nkhalamba zikutchula Abisiniya, Somaliland, Madagascar, Ceylon ndi Burma, ndipo zonsezo n'zoona, pakuti asilikali a Nyasaland anamenya nkhondo ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Abisiniya (Ethiopia), ndi ku Tug Argan ku Somaliland mu 1940, ku Madagascar mu 1942, ndiponso m'chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, m'nyengo ya mvula yosakata, kumene malungo ndi matenda ena ankagwetsa anthu osawerengeka. Ena anapitanso ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Lembani zonse zimene mwauzidwa, ngakhale zooneka zosokonekera, ndipo kusefa tidzachitira pamodzi.

Mnyamata wa kwa Ndindi

Makolo anga, ndili ndi funso limene likundisautsa. Agogo anga aamuna anabwerako ku Burma ali moyo, koma sanakhalenso munthu mmene analili. Mvula ikamagunda ankalowa pansi pa nkhokwe n'kumanjenjemera, usiku ankafuula m'chinenero chimene sitinkachimva, ndipo anamwalira ali wosauka, jekete lawo lankhondo litang'ambika m'zigongono. Kodi iwowa sadzalembedwa chifukwa chakuti anafera pamphasa pawo?

Mphunzitsi wopuma, Kamuzu Road

Mwana wanga, funso lako landigwira pakhosi. Maganizo anga poyamba anali akuti tilembe okhawo amene sanabwerere, chifukwa obwerera ali ndi manda kwawo kumene abale angathe kukasesa, pamene enawa alibe ngakhale mulu wa dothi. Ndikuopanso kuti tikatsegula khomo limeneli mayina adzachuluka kuposa mwala umene tingakwanitse kugula. Komabe sindinganene kuti agogo ako nkhondo inawasiya, ndipo sindikufuna kugamula ndekha.

Mayi wa kwa Khombedza

Aphunzitsi, pamenepa ndisiyana nanu pang'ono. Mnzawo wa bambo a agogo anga uja, amene anabweretsa uthenga, anamwalira miyezi yochepa atafika, nthawi ya chimfine choopsa chimene chinasesa midzi kumapeto kwa 1918 ndi kuchiyambi kwa 1919, thupi lake litatha kale ndi njala ya m'njira. Kodi ameneyo tinganene kuti sanafe ndi nkhondo? Ine ndikuona kuti pamwala palembedwe amene anatsala kutchire, koma pakhalenso buku lalikulu losungidwa pamalo odalirika, lokhala ndi onse amene anapita, obwerera ndi osabwerera, ndipo chaka chilichonse ana a sukulu aziwerenga mokweza mayina a dera limodzi, chaka chino kwa Kambwiri, chaka chamawa kwa Kuluunda, mpaka madera onse atakwana.

Shehe wa kwa Maganga

Ganizo la bukuli ndalilandira. Za amene anamwalira atangofika kumene, tikafunse mafumu ndi mabanja awo tisanamange mfundo, chifukwa maliro ali ndi eni ake.

Woyang'anira gulu

Zikomo akuluakulu nonse chifukwa chokambirana mwaulemu. Pakadali pano tisayambe kusonkha ndalama, kufikira titaonana ndi mafumu akuluakulu ndi a khonsolo pa nkhani ya malo, ndiponso titasankha msungichuma ndi anthu awiri osayinira, monga wapemphera m'bale wathu wa kumsika m'uthenga umene wanditumizira padera, kuti tambala iliyonse izilengezedwa pagulu pano. Aphunzitsi alembe kalata yopita kwa mafumu, a Shehe ndi mkulu mmodzi wa mpingo atithandize kulengeza m'mizikiti Lachisanu ndi m'matchalitchi Lamulungu, ndipo aliyense amene ali ndi dzina anditumizire kumbali, osati pagulu, pamodzi ndi mudzi, mfumu yaikulu, nkhondo imene munthuyo anapita, ndi amene wapereka umboniwo. Nkhani ya obwerera ikhale yotsegula mpaka tidzakumane maso ndi maso.

Mnyamata wa kwa Ndindi

Bambo a ku Senga Bay, madzulo ano ndinapita kwa azakhali anga, ndipo atamva nkhaniyi analowa kuchipinda n'kutulutsa kachitini ka fodya kokulungidwa m'chitenje chakale. Muli nyenyezi ya agogo ija, yopanda dzina monga munanenera, koma mulinso mendulo ina yozungulira, yakuda ndi ukalamba, imene azakhali akuti inali ya mkulu wawo wa bambo a agogo, amene anapita ku Karonga osabwerako, ndipo ine sindinamvepo n'kale lonse kuti kwathu kunali munthu ameneyu. Ndaunika ndi tochi ya foni m'mphepete mwake ndipo manambala anayi akuoneka, koma zilembo za dzina zadzaza litsiro. Sindinaikweche. Azakhali akana kuti ituluke m'nyumba, choncho ndikupempha kuti Loweruka mubwere mudzaiwerenge nokha, ndipo ndidzakudikirani pa siteji ndi njinga.